Mlatho Womwe Unathera pa Kanema

Ife anthu a m'dziko la Tionekeko tili ndi nthenda imodzi yomwe palibe sing'anga anaipezera mtengo: timakonda kujambulidwa. Munthu akhoza kukhala pa maliro a mayi ake misozi ili chuchuchu, koma kamera ikangoloza komwe wakhala, amayamba wakonza kolala ya malaya, kenaka n'kupitiriza kulira atatembenuzira mbali yomwe nkhope yake imaoneka bwino. Sindikunena anthu ena ayi. Inenso pa maliro a malume anga ndinasintha pokhala kawiri.

Mfumu yathu, Mawalawala Wachitatu, inkatidziwa bwino chifukwa nthendayi inali nayo kuposa tonsefe. Itangolowa ufumu inaika malamulo awiri. Loyamba linkati chilichonse chomwe chaoneka pa wailesi ya kanema ya boma ndiye kuti chilipo. Lachiwiri linkati kamera isamakwere kupitirira lamba wa thalauza la Mfumu, poti kuyang'ana Mfumu kuchokera pamwamba ndi mwano. Tsono Mfumuyo inali yaifupi msinkhu, motero ojambula onse a m'dzikomo ankagwira ntchito atagwada. M'kupita kwa zaka anazolowera, moti ankagwadira ngakhale mbuzi za pa chionetsero cha zaulimi. Ana athu anakula akuzindikira nduna za boma poona mabowo a mphuno.

Chaka chilichonse mvula isanagwe, ku likulu la Ndilipano kunkachitika mwambo wopereka mphoto kwa akatswiri ojambula kanema. Mphotoyo inkatchedwa Diso la Mfumu, chikho cha mkuwa cholemera ngati mwala wa mphero. Panali chikho cha wojambula nkhokwe yopanda kanthu kuti ioneke yodzaza, china cha wojambula anthu makumi awiri kuti aoneke chinamtindi, ndi chachikulu koposa cha Wojambula wa Chaka. Oweruza tinalipo asanu ndi awiri. Ine anandisankha chifukwa ndimavala magalasi.

Mwa ojambula onsewo panali wina dzina lake Biziwiki Kanyumbu, yemwe anagwadira boma zaka khumi ndi zinayi osapatako ngakhale chivindikiro cha chikho. Maondo ake anali atauma ngati chikopa cha ng'oma. Biziwiki anakwatira m'mudzi wa Kuseri, tsidya lina la mtsinje wa Dikirani. Mkazi wake Elube anali ndi pakati, mwana woyamba pambuyo pa zaka zisanu ndi chimodzi za m'banja, ndipo monga mwa mwambo anapita kukadikirira kwa mayi ake kumudziko. Mwezi wake unali Disembala, nthawi yomwe Dikirani amadzaza osamva za munthu. Chipatala chinali tsidya lino.

Mlatho unalipo, koma theka. Anaumanga kuchokera tsidya lino, nafika nawo pakati pa mtsinje, simenti yotsala n'kusochera m'njira monga imachitira simenti ya kwathu kuno. Kwa zaka zitatu zitsulo zinangokhala zikuloza ku Kuseri, anthu akuwoloka pansi pake madzi ali m'chiuno.

Tsiku lina pa bwalo la nduna, Mfumu inadzidzimuka kutulo n'kufunsa, "Kodi mlatho uja wa pa Dikirani unatha?"

Nduna ya Zooneka, a Chipakapaka, anaimirira msangamsanga. "Wawa Mwinidziko! Unatha kalekale. Ukungodikira mapazi anu."

Nduna zonse zinagwedeza mitu, kuphatikizapo nduna ya milatho. Mfumu inati ikautsegula Lachisanu.

Masana omwewo a Chipakapaka anaitanitsa Biziwiki ku ofesi yawo.

"A Kanyumbu, ndimamva kuti muli ndi diso."

"Alipo awiri, bwana."

"Limodzi litikwanira. Mlatho uja ndi wathunthu, kungoti mbali inayo sinafike. Ndikufuna Lachisanu ifike."

Biziwiki anakanda m'mutu. "Bwana, akazi anga ali tsidya lomwelo, ndi oyembekezera. Mlathowo ine ndikuufuna weniweni."

"Ndiye tikugwirizanatu! Taganizani, Mfumu ikangoutsegula, ife manyazi atigwira, tiumaliza sabata ziwiri zokha. Mlatho wotsegulidwa ungakhale bwanji wosatha?" Atatero anatsitsa mawu. "Komanso chaka chino chikho chachikulu chija sichinapeze mwini."

Biziwiki anakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira. Tisamuweruze msanga. Zaka khumi ndi zinayi zoombera anzako m'manja si zapafupi.

Lachisanu linafika ndi nkhungu yam'mawa. Biziwiki anagwada poyambira mlatho, natsitsa kamera mpaka kutsala pang'ono kukhudza simenti. Munthu ukayang'ana uli pansi choncho, mapeto a mlathowo ankakumana bwinobwino ndi msewu wa tsidya lija, ndipo mpata wa pakatiwo sunkaoneka n'komwe. Riboni anaimanga pafupi. Kumbuyo kwa riboniyo anaimika kwaya ya amayi m'mizere itatu, amtali kumbuyo, kuti Mfumu isaone patali. Mfumu inadula riboni, inayenda mapazi asanu, kenaka a Chipakapaka anainong'oneza kuti kutsogoloko penti sinaume.

Anthu a ku Kuseri anali atawawolotsa m'mamawa kuti adzalandire Mfumu. Biziwiki anangotembenuza kamera n'kuwajambula akululutira, ngati kuti Mfumu yafika kwawo. Zitenje zawo zinali zonyowa mpaka m'chiuno, koma kamera yogwada imayang'ana kumwamba. Inaona nkhope, mano ndi mitambo basi.

Ndinene zoona, kanemayo anali wokongola. Dzuwa linkaboola nkhungu, chithunzithunzi cha Mfumu chinatalika ngati cha munthu wamtali, ndipo mlathowo unkaoneka ngati ukupitirira mpaka kumwamba. Titauona madzulo ake, ambiri tinalengeza misozi. Mkazi wanga anati tidzapite tikajambulitsepo.

Koma pali china chomwe chinachitika Mfumu itachoka. Maondo atamuwawa, Biziwiki anaimirira, kamera ili paphewa, ataiwala kuizimitsa. Mmene amayang'anamo, anaona anthu a ku Kuseri akubwerera kwawo. Ankatsikira mumtsinje mmodzimmodzi, nsapato pamutu, pansi pa zitsulo zija. Pakati pawo panali Elube, mimba ili patsogolo, madzi akumukankha, mayi ake atamugwira pamkono. Kanali koyamba Biziwiki kujambula dziko lake ataimirira, ndipo zomwe anaona zinamuchititsa manyazi. Atapereka kanema wa Mfumu uja ku ofesi, anatulutsa kakhadi kosunga zojambulidwa ka mu kameramo n'kukabisa m'thumba la malaya.

Sabata ziwiri zija zinatha. Bwalo la nduna linakumana, ndipo poona kuti mlatho waoneka pa kanema, linauchotsa pa mndandanda wa ntchito zosatha. Amisiri omwe ankaugonera anawatumiza ku Ndilipano kukamanga nsanja ya mwambo wa mphoto. Kenaka kunatuluka chilengezo chomwe anachiwerenga pa wailesi katatu patsiku:

"Zamveka kuti anthu ena osayamika akuwolokabe pamadzi pa Dikirani, pomwe Mfumu inawamangira mlatho. Khalidwe limeneli likunyozetsa mlatho, Mfumu ndi kanema. Kuyambira lero, wopezeka atanyowa pafupi ndi mlathowu akayankha kubwalo."

Padooko pomwe anthu ankawolokera anaikapo wapolisi, yemwe ntchito yake inali kuuza aliyense kuti adzere pamlatho. Nayonso nyumba yodikirira amayi oyembekezera pa chipatala inasiya kulandira a ku Kuseri, poti tsopano ambulasi ikhoza kukawatenga m'mphindi khumi zokha.

Loweruka lotsatira Biziwiki anapita ku msika wa Ndamvatu, komwe apongozi ake, Anangondo, ankagulitsa tomato. Anawapeza atakhala padzuwa akuumitsa mpango. Mwa mwambo wa ku Kuseri, mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho Anangondo anatembenukira kwa mnzawo wogulitsa anyezi.

"AnaJere, tawafunsani alendowo ngati abwera pa msewu weniweni kapena wa pa kanema."

AnaJere anabwereza mawuwo mokweza, ngakhale Biziwiki anali ataima pomwepo.

"Auzeni kuti ndabwera kudzamva za kumudzi," anatero Biziwiki, maso ali pa anyezi.

"Auzeni kuti kumudzi tili bwino kwambiri, tili ndi mlatho. Tinakauona kwa aphunzitsi pa kanema, wokongola zedi. Tikungopempha boma kuti kanemayo adzamuyale pamtsinje, tizipondapo."

Wogulitsa makala pafupi anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndiye ndinauwoloka dzana," anatero. "Kungoti pakati pake pamafunika kudziwa kusambira."

"Mayi," anayesanso Biziwiki, akulankhulabe kwa anyezi, "bwanji Elube awolokeretu pano madzi asanachuluke?"

Anangondo anasiya kusanja tomato, ndipo nthabwala zinawathera. "AnaJere, auzeni kuti tayesa kawiri, wapolisi watibweza. Kumunsi komwe tikuwolokera mobisala, madzi akundifika m'khosi ine wamtali. Mwana wanga miyendo yatupa, sangawoloke pamenepo. Auzeni ayang'ane kumapiri, aone mitambo ija. Iwo ali ndi diso, paja."

Biziwiki anachoka pamsikapo mutu uli pansi. Mantha anamugwira, ndipo ankadziwa kuti dzenjelo analikumba yekha ndi maondo ake. M'njira anagwira thumba la malaya, napeza kakhadi kaja kadalimo. Mwambo wa mphoto unali ndi dongosolo lakuti wopambana chikho chachikulu amabweretsa yekha kanema wake kuti aonetsedwe pamaso pa Mfumu. Imeneyo inali njira yokhayo yomwe munthu wamba akanaonetsera Mfumu chinthu nduna zisanachipukute.

Kuweruza sikunativute. Tinaonera makanema makumi anayi, tinadya nkhuku masiku atatu, kenaka tinasankha dzina lomwe a Chipakapaka anali atatilembera kale.

Mwambo unayamba nthawi ya 2 koloko masana, magetsi asanathime. Holo inadzaza ndi masuti obwereka ndi zidendene zazitali. Ojambula anali mbwee pansi, akukwawa pakati pa mipando. A Chipakapaka analankhula kwa ola ndi theka.

"Mayiko ena," anatero, "amawononga nthawi kumanga zinthu kenaka n'kuzijambula. Ife, chifukwa cha nzeru za Mwinidziko, tinadumpha sitepe imodzi. Lero lino palibe dziko lomwe limaoneka bwino kuposa lathu!"

Tinaomba m'manja. Zikho zing'onozing'ono zinaperekedwa, ndipo yemwe anapambana cha nkhokwe analira pothokoza mayi ake, omwe sanabwere chifukwa anali pamzere wa chimanga. Pomaliza anatchula Wojambula wa Chaka, Biziwiki Kanyumbu. Iye anakwera pansanja thukuta lili kamukamu, napereka kakhadi kwa woonetsa kanema, ndipo makatani anatsekedwa.

Pachinsalu panaoneka mlatho wothera pakati pa mtsinje. Panaoneka zitsulo za dzimbiri, madzi, nsapato pamitu ya anthu, ndi mayi woyembekezera akudzandira m'manja mwa mayi ake. Munalibe nyimbo m'kanemayo, munkangomveka mtsinje ndi kupuma kwa wojambula.

Ine ndinavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, kuti pakafunsidwa mboni ndinene kuti sindinaone bwino.

"Nduna," inatero Mfumu pang'onopang'ono, "ichi n'chiyani?"

A Chipakapaka anaimirira. Ena tinayamba kale kuganiza za yemwe alowe m'malo mwawo. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Wawa Mwinidziko! Limeneli ndiye luso lamakono! Mnyamatayu wafufuta theka la mlatho wanu ndi kompyuta, kuti ationetse mmene tikanavutikira pakanapanda inu!"

Mfumu inayang'ananso chinsalu chija, nkhope yake n'kuyamba kumasuka. "Zoona? Wafufuta mlatho wanga? Womwe ndinayendapo ine, ndinadzionera ndekha pa kanema?" Inamenya ntchafu n'kuphulika chiseko. "Koma mnyamata ameneyu ndi mfiti! Taonani madziwo, ngati enieni! Nanga mayi wa mimbayo mwamupeza kuti? Amatha zisudzo ameneyo!"

Holo yonse inaimirira. Nthungululu, malikhweru, m'manja. Inenso ndinaomba, ndipo ndinaomba kwambiri, ine yemwe mwezi umodzi m'mbuyomo ndinawoloka pa Dikirani pomwepo popita ku chinkhoswe, thalauza lili pamutu. Theka la anthu a m'holomo linali ndi abale ku Kuseri. Tonse tinkadziwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti mnzake akudziwa. Oweruza tinasonkhanitsa mitu pomwepo n'kukhazikitsa mphoto yatsopano ya Wopeka Waluso wa Chaka. Poti ndayamba kale kuulula, ganizolo linali langa.

Anamupatsa Biziwiki zikho ziwiri, china kudzanja ili china kudzanja ilo, n'kumuikira chimkuzamawu pakamwa. Ulendo uno sanagwade.

"Mwinidziko," anatero, "sindinafufute kanthu. Mlatho kulibe. Mayi ujayo ndi mkazi wanga, ndipo mwezi wake wakwana. Chonde tumizani amisiri."

Mfumu inagwira m'mimba. "Akupitirizabe sewero! Mwamumva? Akuti ndi mkazi wake!" Misozi ya chiseko inkatsika m'masaya. "Nduna, chaka chamawa ameneyu adzatifufutire chipatala!"

Tinaseka naye. Oimba anayamba nyimbo, ndipo atsikana ovala mofanana anamutsitsa Biziwiki pansanja mwaulemu, akumuthandiza kunyamula zikho. Panja ojambula anzake anamuzungulira kumufunsa dzina la kompyuta yomwe anagwiritsa ntchito.

Mvula inagwa patatha masiku asanu ndi anayi, ndipo inagwa masiku atatu osapuma. Zotsatirazi anandiuza ndi dalaivala wa ambulasi, munthu yemwe samwa mowa.

Lachitatu m'mawa foni ya Biziwiki inalira ali ku ntchito. Anali aphunzitsi a ku Kuseri, kumuuza kuti matenda a Elube ayamba ndipo sizikuyenda bwino. Anathamangira ku chipatala kamera ili m'khosi, nakwera ambulasi pamodzi ndi namwino wamkulu, mayi Matewere. Dalaivala anali wachilendo m'derali, mlathowo ankaudziwira pa kanema, choncho anaukwera ndi liwiro. Biziwiki anachita kumugwira chiwongolero. Galimoto inaima matayala akutsogolo atatsala pang'ono kupsompsona zitsulo.

Dikirani anali wofiira, akukokolola mitengo ndi mapesi. Wapolisi uja anali ataima pansi pa ambulera, opanda womubweza, poti tsiku limenelo ngakhale ng'ombe sikanayesa. Tsidya lija amayi a ku Kuseri anali atafika naye Elube pa machira, ndipo poona mtsinjewo anamugoneka pansi pa mtengo n'kumuzungulira ndi zitenje.

Mayi Matewere analanda chimkuzamawu cha wapolisi, naima kumapeto kwenikweni kwa mlatho.

"Alipo wamkulu kumeneko?"

"Ndilipo ine mayi ake!" anakuwa Anangondo.

"Sambani m'manja! Mundiuze chomwe mukuona, ine ndizikuuzani chochita!"

Zinatenga maola awiri. Mawu ena ankafika, ena ankapita ndi madzi, namwino n'kubwerezanso mpaka kusasa mawu. Nthawi ina Anangondo anakuwa kuti magazi achuluka, kenaka kwa mphindi zambiri tsidya lija sikunamvekenso kanthu. Biziwiki anakhala pansi pasimenti, miyendo ikulendewera pamwamba pa madzi, akulira ngati mwana. Wapolisi anayang'ana uku ndi uku, kenaka anapita kukamufunditsa ambulera.

Mvula itayamba kukata, kunamveka kamawu kakang'ono, kokwiya, kakudutsa pamwamba pa mkokomo wa mtsinje. Dalaivala akuti iye anangozindikira wavula chipewa.

Patapita kanthawi Anangondo anatuluka m'zitenje muja, manja ali magazi mpaka m'zigongono, nabwera m'mphepete mwa madzi. Mkamwini wawo anali moyang'anizana nawo, koma iwo analoza nkhope kwa namwino.

"Anesi! Auzeni apongozi angawo kuti ndi wamkazi! Mayi akenso ali moyo!"

Biziwiki anaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

"Auzeninso kuti poti kamera abwera nayo, ajambule bwino ngati muja amachitira! Mdzukulu wangayu akadzakula adzaone kuti anabadwira m'chipatala!"

Mayi Matewere anatembenuka kuti apereke uthengawo, koma atamuyang'ana Biziwiki anatsitsa chimkuzamawu chija. Anali atamva kale.